Ababa anga, a Telala

Chiikireni ababa m'manda, aliyense amene ndakumana naye mawu ake ndi amodzimodzi: pepani achimwene, koma apumula mdala uja, anavutika nthawi yaitali. Sindikutsutsa ayi, anavutikadi. Koma zikumandiwawa kuti zaka 6 zodwala zikumeza zaka 69 zimene munthuyo anali ndi mphamvu zake, akuyenda, akukalipa, akuseka anthu pamsika. Zidzukulu zawo zina sizinawaonepo ataimirira. Mwana wanga wamng'ono amangodziwa agogo a pampando, osayankhula, opukutidwa malovu ndi kansalu. Nde ndati ndilembeko pano, mwina akadzakula adzawerenga, adzadziwe kuti agogo akewo anali munthu wotani.

Anabadwa mu 1949 kumtunda kwa Ntcheu, chaka cha njala yaikulu ija imene akuluakulu amawerengerapo zaka mpaka lero. Agogo ankangoti iwe unabadwa mvula itakana, basi satifiketi yake inali imeneyo. Polembetsa chiphaso cha unzika mu 2017 anyamata olemba aja anangowaikira 1 Januwale, ababa nkumaseka kuti boma landipatsa tsiku lobadwa ndili ndi imvi kale. Sukulu analekezera Sitandade 5, fizi inavuta, ndipo masiku amenewo mnyamata ukangoyamba kumera ndevu a msonkho afika kale pakhomo. Njira imene anyamata a kwathu ankaiona inali imodzi basi, Wenela, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni.

Anapita mu 1972. Ulendo umenewu anatifotokozera kambirimbiri moti ndikhoza kuunena ndili mtulo: kulembetsa, kupimidwa muli chibadwire pamzere, kugona pa Wenela ku Blantyre pamene pali depoti ya mabasi paja, kukwera ndege ku Chileka mpaka Francistown, kenako sitima mpaka ku Joni. Anawaponya ku mgodi wa golide cha ku Carletonville, ntchito ya malayisha, kuwola miyala ndi fosholo pansi pa nthaka potentha mosati nkuvala malaya. Za pansipo sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangoti kumeneko si kwa anthu, nkusintha nkhani. Zimene ankakonda kukamba ndi za Lamulungu mu komponi, chifukwa anzawo akamapita ku mowa iwo ankakakhala pambali pa mdala wina wachi Shangani wa ku Mozambique amene ankasoka zigamba pa maovolosi a anthu. Anayamba ndi kumulowetsera ulusi pa singano, maso a mdalayo anali atayamba kufooka, kenako anawalola kuponda makina. Utelala wawo unayambira pamenepo.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi anafera pomwepo. Agogo atamva pa wailesi analira maliro a mwana wamoyo, chifukwa kalata yomaliza inanena kuti kontirakiti yatsala pang'ono kutha, nde iwo anangoti ali momwemo. Kamuzu anakwiya nkuletsa kulemba anthu, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali m'migodi anayamba kubwerera. Ababa anatulukira mu 1975 ndi thiranki, bulangete, wailesi, ndi mutu wa makina a Singer atakulunga mu jekete. Anzawo ambiri ndalama zawo zinathera ku magumbagumba ndi kukwatira kawiri. Boma litatsegulanso njira mu 1977 anzawo anabwera kudzawatenga, iwo anakana, akuti phazi langa lapeza kale popondera.

Anakhala pakhonde la sitolo ina pa Lizulu, imodzi mwa masitolo amene amwenye anasiya atawauza kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Amene simunafikeko pa Lizulu, msewu wa M1 ndi umene uli malire, ukawoloka kukagula tomato tsidya linalo ndiye kuti wapita ku Mozambique wopanda pasipoti. Kumazizira koopsa, Juni ndi Julayi zala zimachita kuuma, koma ababa 6 koloko m'mawa makina atatulutsa kale, athira mafuta, akupukuta ndi kansanza, tepi ili m'khosi, choko chili pakhutu. Dzina lawo lenileni linasowa, aliyense ankangoti a Telala. Olo amayi akakwiya ankati inu a Telala inu.

Nthawi imeneyo utelala unali ntchito ya ulemu, chifukwa chovala cha munthu wamba chinkachokera kwa telala basi. Unkagula nsalu ya kwa David Whitehead, nkupita nayo pakhonde, akuyeze. Komanso panali lamulo lija la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, nde telala ankayenera kudziwa polekezera sizasi. Atsikana ankabwera mwakabisira, a Telala tadulaniko pang'ono, iwo nkuvomera bwinobwino, koma potenga diresi ili pomwe paja, akuti ndadula koma nsalu yake ndi yamakani. Kamuzu akamabwera kudzayendera mbewu ntchito inkachuluka, zirundu za mbumba mulumulu, zina osalipidwa nkomwe, ukanafunsa ndani ndalama. Cha mu 1986 nkhondo itavuta tsidya linalo anthu anakhamukira kuno, midzi inadzaza ndi othawa kwawo, ndipo ababa anapeza makasitomala atsopano olipira ndi mbatatesi, nyemba, nthawi zina nkhunda. Kunyumba ndalama inkasowa koma chakudya ayi. Mtendere utabwera mu 1992 anthu aja anabwerera koma ambiri sanasiye kuwoloka msewu ndi nsalu zawo.

Tsono musaganize kuti ndikukamba za mngelo. Bodza la matelala lija, bwerani mawa, ababa anali nalo lathunthu. Munthu akatulukira patali iwo ankasolola nsalu yake pansi pa mulu nkuiika pa makina, akafika apeze ngati ndi imene ikusokedwa, atangotembenuka yabwerera pansi. Disembala inali nkhondo. Zovala za Khirisimasi, za ukwati, za ubatizo, onse akufuna tsiku limodzi, makina ankabwera kunyumba, kusoka pa nyali mpaka tambala woyamba, ife ana tikugona ndi phokoso limenelo, amayi akukoleza simbi ya makala, ine ndikusokerera mabatani uku ndikusinza. Ukasokerera batani mokhota sankakumenya, ankangolidula ndi lezala nkukubwezera osanena kanthu, kasanu olo kakhumi, mpaka ulire wekha.

Kuyamikira ndiye sankadziwa. Nditakhoza mayeso a Sitandade 8 anangoti chabwino, nkupitiriza kuponda. Koma sabata yomweyo ndinapeza thalauza yatsopano pamphasa yanga, yoyamba m'moyo wanga, ya matumba anayi ndi zipi yeniyeni, ndipo sanandiyeze nkomwe. Muyezo wathu ankautenga ndi maso tikudya nsima. Zovala zathu zambiri zinali za zotsalira za nsalu za anthu, ndinali ndi malaya ena kolala ina, thumba lina, manja ena, anzanga ankanditcha mbendera. Ndinkadana nawo malaya amenewo. Koma pasukulu yonse palibe tsiku limene mwana wa a Telala anaoneka ndi chong'ambika kapena batani losowa, zimenezo kwa iwo zinali ngati kuwatukwana pagulu.

Mpira ankaukonda mwa matenda. Anali wa Maule kuyambira ili Bata Bullets, wailesi pambali pa makina, ndipo tsiku limene Manoma awina kasitomala wanzeru sankabwera kudzafunsa chovala chake. Za Kinnah Phiri ndi timu imene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979 ankakamba ngati anali nawo m'bwalo, chonsecho zonsezo anangomvera pa MBC.

Zinthu zinatembenuka matipate atabwera. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi, koma yunifolomu inasiya kukhala yokakamiza, chonsecho sukulu zikamatsegulira matelala ankadalira yunifolomu. Pamwamba pa izo kaunjika anasefukira. Munthu angagule nsalu, kulipira telala, kudikira masabata atatu akunamizidwa, pamene pamsika pali malaya a ku Ulaya otchipa kuposa mtengo wa ulusi? Matelala anzawo ambiri anapinda makina nkuyamba geni ya kabichi. Ababa poyamba anachita makani, akuti ine sindisoka zovala za anthu akufa. Njala ya 2002 ndi imene inawagonjetsa. Anayamba kuchepetsa za pa kaunjika, ndipo poti munthuyo sankadziwa kugwira ntchito mwa theka, anasanduka katswiri wake, jekete ya mzungu wamkulu ankaimasula yonse mpaka laini, nkuibweza pa thupi la mphunzitsi wowonda osaoneka kuti inagwidwapo. Ankati azungu awa kusoka amatha, ndaphunzira zambiri pomasula. Ndalama ya kuchepetsa imeneyo ndi mayunifolomu a amayi a Chigwirizano ndi imene inatiphunzitsa tonse asanu, ine mpaka ndinapeza kantchito ku Lilongwe kuno, mng'ono wanga ali ku Johannesburg, komwe ababa analumbira kuti mwana wawo sadzapondako.

BP anawapeza nayo kalekale, zaka zambiri sitiroko isanabwere. Vuto ndi loti matenda amenewa samva kuwawa, nde mdala wa mphamvu zake umuuze kuti azimwa mapilitsi tsiku lililonse moyo wake wonse pamene iye akudzimva bwinobwino, amakuona ngati wopenga. Ankamwa mutu ukawawa, ukasiya nawonso asiya. Buku la kuchipatala linkakhala mu kabati ya makina pamodzi ndi mabobini. Mchere ankachita kuwaza asanalawe nkomwe ndiwo, kanyenya wa pachiwaya tsiku la msika osaphonya. Ndikulemba izi dala chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mukuwerenganu muli ndi mdala wotere kumudzi, ndipo mapilitsi ake ali mu thumba la jekete chigulireni.

Unali m'mawa wa tsiku lina mu Juni 2018. Mnyamata amene ankaphunzira ntchito pambali pawo akuti anangomva makina asiya kulira pakati pa msoko, potembenuka anaona phazi latsetsereka pa chopondera, pakamwa papotokera mbali imodzi, akuyesa kuyankhula koma zikutuluka zosamveka. Anthu anadzaza. Ena akuti aledzera, munthu woti mowa anasiya ine ndisanabadwe. Ena akuti awaponyera. M'malo mothamangira nawo kuchipatala anawanyamulira kunyumba, kuwagoneka, kuwathira madzi, kudikira kuti mwina zisintha, dzuwa mpaka kupendeka. Ine foni inandipeza ku ntchito masana. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala kunali kutada, ndipo dokotala anatiuza mosabisa kuti sitiroko imafuna maola oyambirira omwewo. Anatitumiza ku chipatala china chachikulu kuti akajambule mutu, kukafika makina ake akuti anawonongeka, tinachita kusonkha ndalama kukajambulitsa kolipira. Anatifotokozera kuti mtsempha unatsekeka mbali ya kumanzere ya ubongo, nchifukwa chake chafa ndi mbali ya kumanja, ndipo kuyankhula nakonso kumakhala komweko. Dzanja la sizasi, phazi la chopondera, ndi pakamwa. Zonse zimene munthuyo ankadyera zinapita m'mawa umodzi.

Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa. Amayi ankagona pansi pa simenti pambali pa bedi, chitenje chimodzi choyala china chofunda, m'mawa kukaphika phala ku khitchini ya magadiyani pa mafuwa obwerekana. Kenako tinapita nawo ku Kachere ku Blantyre kwa mafizo, ndipo anthu amene aja Mulungu awadalitse, anawaphunzitsa kukhala tsonga, kumeza bwino, kudya ndi dzanja lamanzere, mpaka anafika poima atagwira chitsulo. Tinabwerera kumudzi tili ndi chiyembekezo chambiri. Koma fizo imafuna tsiku ndi tsiku, ndipo kumudzi kulibe, thiransipoti yopita ku boma ndi munthu wosayenda ndi kuchita hayala galimoto. Tinamanga mitengo iwiri kuseri kwa nyumba kuti azigwira poyeserera kuyenda. Anayesa miyezi ingapo, tsiku lina anagwa, kuyambira pomwepo anakana.

Za achibale ndisakambe zambiri, ena awerenga. Koma munthu akadwala nthawi yaitali aliyense amasanduka dokotala. Atsibweni ena anabwera ndi nkhani yoti ndi telala mnzawo wa pakhonde loyandikana, ankawachitira nsanje. Azakhali anabwera ndi botolo la madzi a kwa mneneri, mtengo wake wokwana mankhwala a mwezi wathunthu. Ena ankanong'ona kuti zizimba za ku Joni zawatembenukira. Ena anafika pouza amayi kuti gulitsani makinawo tipite nawo kwa sing'anga wina ku Mozambique. Amayi ndi munthu wofatsa koma tsiku limenelo anayankha mawu amodzi okha, akuti makinawo mwini wake ali moyo, kamufunseni. Palibe anapita kukafunsa. Ndipo telala woganiziridwa ufiti uja ndi amene ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu, zaka zonse 6, kupatula nthawi ya Covid yokha.

Poti mutu ukakula sulewa nkhonya, kusambitsa kunagwera ine ndikakhala kumudzi, alongo anga sakanatha, mwambo sulola. Tsiku loyamba ndinawanyamula kupita nawo kubafa, kuwakhazika pa mpando, ndikuvula malaya awo iwo anatembenuzira nkhope kukhoma. Munthu amene sindinamuonepo olo atavula nsapato pagulu. Ndinaona zipsera pamsana ndi paphewa zimene sindinkadziwa kuti ali nazo, za miyala ya ku mgodi ija sankafuna kukamba. Tonse awiri tinali chete, kumangomveka madzi mu beseni. Nditamaliza ndinawaveka malaya, pomanga mabatani ndinaphonya bowo limodzi, malaya nkupendekeka. Dzanja lamanzere lija linabwera, phaa pa dzanja langa, nkuloza batani, maso ali tong'o. Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anayamba kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa ija. Kuyambira tsiku limenelo kusamba sikunakhalenso kwa manyazi.

Ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati ababa anatha kale mu 2018. Sanathe. Mawu anatsala ochepa, basi, ayikona, ndi futseki, awiri enawo a ku mgodi, ndipo abusa akabwera tinkachita kupemphera chamumtima kuti lituluke loyamba lija. Koma munthuyo anali momwemo. Mlendo aliyense wokhala pafupi ankamugwira mpendero wa malaya kapena wa siketi, kuutembenuza, kuyang'ana msoko, kuyendetsa chala chachikulu pamenepo. Ukakhala wabwino ankagwedeza mutu. Ukakhala wokhota, ayikona, nkuukankha. Mlamu wanga anabwera ndi suti yatsopano yogula m'tauni modula, ababa anangotembenuza kolala, kuyang'ana, futseki. Patangotha mwezi suti ija inamasuka paphewa.

Chinanso chodabwitsa, kuyankhula kunakanika koma kuimba ayi. Amayi a Chigwirizano akabwera kudzacheza nkuyambitsa nyimbo ya m'buku, ababa ankalowa ndi besi yawo, mawu onse bwinobwino vesi mpaka vesi, nyimbo ikangotha mawunso atha. A fizo anatiuza kuti zimachitika kwa ambiri a sitiroko yotere, kuimba kumayenda njira ina mu ubongo. Ndipo mu Januwale 2022, usiku umene Flames inkasewera ndi Morocco, magetsi kunalibe chifukwa cha namondwe Ana, tinazungulira kawailesi ka mabatire pakhonde. Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija mphindi zoyambirira, mdala anakweza dzanja lamanzere nkukuwa chigooo, mawu amene sanatulukepo chidwalireni. Tinaluza 2-1 koma kwathu kunali ngati tatenga chikho, amayi anachita kutuluka m'nyumba kuthamanga poganiza kuti kwagwa zina.

Koma zoona zake, matendawa amene anawasenza ndi amayi. Ife ana tinkabwera nkumapita, kutumiza ndalama pa Airtel Money, mng'ono wanga pa Mukuru, kukangana pa gulupu ya WhatsApp kuti mwezi uno ndani sanasonkhe, wina kutuluka mu gulupu, kumubwezeramo. Amayi analibe kotulukira. Kuwatembenuza usiku maola angapo aliwonse kuti asachite zilonda, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse m'madzi ozizira a ku Ntcheu aja, kuwadyetsa phala la nsinjiro pang'onopang'ono kuopa kutsamwa, mbale imodzi ola lathunthu. Kumunda anasiya, kumaliro a anzawo ankangopita kukaonekera, ku tchalitchi mwa apo ndi apo. Nthawi ya Covid tinaletsa alendo, ifenso a m'tauni tinkaopa kuwatengera matenda, anatsala awiriwiri miyezi yambiri. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, mapampasi a akuluakulu anafika mtengo woti tinayamba kuwasungira usiku wokha, masana amayi anabwerera ku nsalu zochapa, ndipo anazicheka ndi kuzipinda okha pa makina a amuna awo, ababa akuyang'anira msoko ali pampando. Zaka zonsezo thupi la ababa silinachite chilonda olo chimodzi. Anesi ena atawaona anafunsa kuti akuwasamala ndani, akuti izi sitiziona kawirikawiri.

Alendo anachepa chaka ndi chaka, ndipo sindikuwada, moyo ndi wothamanga. Chaka choyamba nyumba inkadzaza, shuga ndi sopo mpaka kusowa poika. Chaka chachitatu anatsala a mpingo, ometa ndevu aja, ndi anyamata awiri atatu amene anawaphunzitsa ntchito. Mmodzi wa iwo ankabwera ndi zovala zovuta, jekete yokana kukhala bwino paphewa, nkuiyala pamiyendo pawo, ababa nkuloza ndi chala pofunika kumasula. Mnyamatayo akuti sankachita zowasangalatsa chabe, ankafunadi nzeru, ndipo pochoka ankasiya kangachepe m'thumba la malaya awo, akuti ya ukatswiri. Ndalama imeneyo ababa sankalola munthu kuigwira. Ankaitanitsa zidzukulu nkuzigawira okha.

Kumayambiriro kwa 2024 sitiroko inabweranso kachiwiri, yaing'ono koma inawononga kumeza. Anayamba kutsamwa pafupipafupi, chakudya nkumalowera ku mapapo, chibayo chinabwera, kuchira, kubweranso. Thupi linatha. Kuimba kunasiya. Mu Julayi, kuzizira kuli pachimake, tinawagoneka kuchipatala komaliza, ndipo patapita masiku dokotala anatiitanira pambali nkutiuza kuti chimene chatsala ndi kuwachepetsera ululu. Amayi anati ndiye tiyeni nawo kunyumba. Anamwalira m'bandakucha pa bedi lawo, amayi ali pambali, ine ndinali nditangotuluka kukasonkha moto woti tiwothe. Amayi sanakuwe. Anatuluka nkundiuza kuti ababa ako atisiya, pita ukauze amfumu, kenako ndi pamene anakhala pansi nkuyamba kulira.

Maliro sanathe opanda mkangano, mwa masiku onse. Ababa anali mkamwini, anamanga kwawo kwa amayi ndipo anakhalako pafupifupi zaka 50, koma abale awo anabwera ndi galimoto kuti mtembo ukagone kwawo, ena mwa iwo oti zaka 6 zonsezi sitinawaone olo ndi paketi ya shuga. Anakambirana usiku wonse kuseri kwa siwa, mafumu a mbali zonse ziwiri, adzukulu akudikira kuti auzidwe kokumba. Pomaliza mkulu wawo wa ababa, mdala wa zaka zoposa 80, anaimirira nkunena kuti amene wachapa ndi amene aike, nkhani inathera pomwepo. Anthu anabwera ochuluka, ena kuwoloka kuchokera tsidya lija ndi madengu a mbatatesi. Mphunzitsi wina wopuma anabwera atavala suti yotuwa imene ababa anamusokera ya ukwati wake mu 1983, ankangoitembenuza kuonetsa anthu laini wamkati, akuti onani, sinamasukepo olo pamodzi.

Pano amayi akuvutika kugona, thupi linazolowera kudzuka usiku kukatembenuza munthu. Tikufuna abwere kuno ku Lilongwe apumeko koma akukana, akuti chaka chino alima okha. Chiliza tagwirizana kumanga tikakolola, gulupu ya WhatsApp ija tangoisintha dzina, mikangano yake ndi yomwe ija. Makina a Singer mng'ono wanga amati tigulitse tiwonjezere pa simenti, koma mwana wa achemwali amene akuphunzira zosoka wawapempha, ndipo amayi avomera, bola agule lamba watsopano ndipo asawatulutse m'mudzi muno.

Potsegula kabati ya makinawo tinapezamo mabobini, choko, buku la kuchipatala lakale lija, ndi kope la ngongole, lolembedwa ndi dzanja lawo kuyambira zaka za m'ma 1990 mpaka sabata imene anagwa. Mayina alimo ambiri, ena ndi anthu olemekezeka ndithu, ena munayankhula pa maliro pomwe paja kuti malemuwa anali munthu wabwino. Mukudzidziwa. Simenti panopa yakwera, nambala yanga muli nayo kkkk.